NKHOKWE YA PANSI PA NTHAKA: MBIRI YA UDZU NDI ZIWETO PA LUSAKA

Mau Oyamba

Mabuku a mbiri amakonda kusimba za mafumu, za nkhondo ndi za maulendo a mitundu ya anthu. Udzu sauchula konse, ngakhale kuti ndiwo unafolera nyumba za mafumuwo, ndiponso ndiwo unanenepetsa ng'ombe zimene ankhondowo anali kulimbirana. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya udzu wa pa Lusaka, kuyambira masiku amene malo ano anali midzi ya Asoli kufikira tsopano pamene ali likulu la dziko la Zambia.

Pali funso limene abusa ndi alimi amafunsana kawiri-kawiri. Amati, nanga bwanji mvula ikagwa mofanana pa mabusa awiri oyandikana, pena pamabwerera msipu wokoma, koma pena pamangomera nthula ndi minga? Ambiri amaganiza kuti mvula yokha ndiyo imeretsa udzu. Koma mvula imeretsa cimene yacipeza m'nthaka, ndipo cimene ciri m'nthakamo cinaikidwamo kapena kucotsedwamo ndi kawetedwe ka zaka za m'mbuyo.

Maonekedwe a Dziko

Lusaka ali pa dziko lathyathyathya, lokwera mamita pafupi-fupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere. Mvula imayamba mu Novembala nileka mu Marichi kapena kuciyambi kwa Epulo, ndipo pa caka imakwana ngati mamilimita 800. Ikaleka, pamapita miyezi ngati 7 dziko liri gwa. Kuno si cipululu ai, koma kwa ng'ombe miyezi 7 yopanda msipu ndi nthawi yaitali ndithu.

Cakumwera ndi cakumadzulo kwa mzinda, pansi pali miyala ya laimu, ndipo nthaka ya pamwamba pake njocepa, kotero kuti pena miyala imaonekera poyera. M'dzinja madzi amadikha pamenepo, monga adziwa bwino anthu a ku Kanyama, koma m'cilimwe amalowa m'ming'alu ya miyala ndi kusiya pfumbi lokha. Cakum'mawa ndi cakumpoto dziko limakwera pang'ono, ndipo kumacokera timitsinje monga Ngwerere ndi Chalimbana, timene timathira mu Chongwe. Pa zitunda panali nkhalango za miombo, pa nthaka yofiira yacondeko panali mitengo ya minga yotalikirana ndi udzu wautali pakati pake, ndipo m'madambo munali tsekera wobisa munthu.

Eni Dziko

Eni ake a dziko lino ndiwo Asoli, amene mfumu yao yaikulu ndi Nkomeshya Mukamambo wa ku Chongwe. Cakumpoto anacita malire ndi Alenje a mfumu Mungule. Dzina la mzinda linacokera kwa nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wake unali ca ku Manda Hill, kufupi ndi pamene pali Nyumba ya Malamulo. Asoli anali alimi a mapira ndi osula zitsulo, koma ng'ombe sanali nazo zambiri monga anansi ao a ku Kafue. M'zaka za m'ma 1800 Acikunda ocokera ku Zumbo ndi Feira anali kusakaza midzi pofuna akapolo ndi minyanga, ndipo nthawi zotere munthu samanga khola lalikulu. Motero odya udzu eni-eni anali nyama za m'thengo, monga mbidzi, njati ndi nchefu. Nyama zimenezi zikadya pano lero, mawa ziri kwina, ndipo udzu wodyedwawo umapeza mpata wophukanso.

Asoli ali ndi mwambo wochedwa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukoka mitambo. Mvula ikakhala pafupi, mfumu imapempha mvula kwa Mulungu kupyolera mwa makolo, kenaka imayatsa moto pa munda wolambulidwa ndi kubzala mbeu zoyamba. Tione pamenepa kuti akale sanalekanitse mvula ndi mbeu. Popempha mvula, mbeu anali nazo m'manja.

Anansi ao oweta, ndiwo Aila, Asala ndi Atonga, anali ndi nzeru yao. Madzi osefukira a mtsinje wa Kafue akaphwa m'cilimwe, anyamata anali kupita ndi ng'ombe ku madambo akulu a mtsinjewo ndi kugona nazo komweko miyezi ingapo. Mvula ikabwera ndi madzi nayamba kukwera, anali kubwerera nazo kumtunda. Potero busa liri lonse linali ndi miyezi yake yopumula, ngakhale panalibe mpanda kapena lamulo lolembedwa.

Kenaka kunagwa mliri wa ng'ombe wochedwa rinderpest. Unayambira ku Eritrea m'caka ca 1887, nutsika ndi Africa yense, ndipo pofika 1896 unali utaoloka Zambezi. M'maiko ambiri unapha ng'ombe 9 pa 10 ziri zonse, pamodzi ndi njati ndi nyama zina. Conco Azungu oyamba kufika pa Lusaka anapeza udzu umene unakhala zaka zingapo wopanda oudya ambiri, ndipo kunali kwapafupi kuyesa kuti dziko liri conco masiku onse, ndi kuti udzu wotere sungathe.

Nkhokwe Imene Sitiiona

Tisanapitirire ndi mbiri, tiyenera kumvetsa makhalidwe a udzu, pakuti popanda ici zotsatirazo sizingamveke.

Udzu uli wa mitundu iwiri. Wina ndi wa caka cimodzi: umamera ndi mvula yoyamba, ufulumira kubala mbeu zambiri-mbiri, nufa. Wina ndi wa zitsa, monga tsekera: m'cilimwe umauma pamwamba pokha, koma citsa cake cikhala camoyo, ndipo cimaphukanso caka ndi caka. Udzu wa zitsa ndiwo cuma ca woweta, cifukwa umapatsa cakudya cambiri, mizu yake imagwira nthaka, ndipo ndiwo umaphuka msanga pa lupsa mvula isanagwe.

Kuyambira Febuluwale kufikira Meyi udzu umatulutsa ngala ndi kukhwimitsa mbeu. Mbeuzo zikayoyoka, zina zimadyedwa ndi mbalame, mbewa ndi nyerere, zina zimapsa ndi moto, koma zina zimalowa m'nthaka. Mbeu ya tsekera iri ndi kamcira kopota. Kakanyowa ndi mame kamapotoloka, kakauma kamapotanso, ndipo potembenuka conco kamakankhira mbeu m'kamng'alu ka dothi monga mmisiri aboola thabwa. Mbeu zolowa pansizi ndizo tiziyesa nkhokwe ya pansi pa nthaka. Zambiri sizipita patali: zimakhala m'dothi la pamwamba, losapitirira utali wa cala.

Tsono cinthu cacikulu nci: mbeu za m'nkhokwe imeneyi sizikhala moyo wofanana. Mlimi ali yense adziwa kaufiti. Ungagoneke munda zaka zambiri, koma tsiku lobzalamonso cimanga kaufiti amatuluka, pakuti mbeu zake zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa 10. Bonongwe nayenso amamera pa khola lakale popanda womubzala. Mbeu za mitengo ya minga ziri ndi khungu lolimba losalowa madzi msanga, ndipo zimadikira nthawi yaitali. Koma mbeu za udzu wabwino wa zitsa nzosakhalitsa. Zambiri zimamera kapena kufa pasanathe zaka 2 kapena 3. Udzu wotere umadalira citsa cake, ndipo nkhokwe yake imafuna kuthiridwamo mbeu zatsopano kawiri-kawiri.

Taonani tsono cimene cicitika ng'ombe zikaculuka pa busa limodzi, osacokapo dzinja ndi cilimwe comwe. Ng'ombe imasankha. Imayamba ndi udzu wokoma, ndipo ukangophuka imaubwerezanso. Udzuwo sufika potulutsa ngala, motero caka cimeneco m'nkhokwe simulowa kanthu. Citsa naco cimafooka, cifukwa masamba ndiwo amadyetsa mizu. Zikapita zaka zitatu kapena zinai zotere, mbeu zakale za m'nthaka zatha, zatsopano palibe, zitsa zayamba kufa. M'malo mwake nthula, cisoso ndi timaudzu tolimba timene ng'ombe zimakana timabala mbeu mwaufulu. Ziboda zimapondereza dothi mpaka kuuma ngati pabwalo, madzi a mvula amangothamanga pamwamba, natenga dothi la pamwamba lija pamodzi ndi mbeu zotsalamo. Ng'ombe ndi mbuzi zanjala zimadya nyemba za cipangala ndi za mitengo ina ya minga, nizifesa m'ndowe ponse-ponse, ndipo popeza udzu wacepa, moto ulibe mphamvu yopserezera timitengoto. Busa limasanduka ciyangoyango ca minga.

Tisanene kuti ng'ombe ndi mdani wa udzu. Zikadya mwa muyeso zimacotsa udzu wakale wophimba mphukira, ndowe zao zimalemeretsa nthaka, ndipo ziboda zimakwirira mbeu. Coononga ndico kudya kosalekeza, maka-maka m'miyezi ya ngala.

Njanji, Ngolo ndi Mapulazi

M'caka ca 1905 ulalo wa pa Victoria Falls unatha, ndipo njanji yopita ku migodi ya Broken Hill, kumene tsopano timati Kabwe, inapyola m'dziko la Asoli. Omanga njanji anaika popatukira sitima pafupi ndi mudzi wa Lusaaka, nachula malowo dzina la nyakwawayo. Alimi aciyera, ambiri a iwo Mabunu ocokera kumwera, anatenga mapulazi mozungulira. Panalinso Mtaliyana, Marrapodi, amene anali kutentha laimu ndipo anali ndi malo akulu cakumpoto. Maina a Roma ndi Marrapodi ndi cikumbutso cake. M'caka ca 1913 kamudzi ka pa njanjiko kanapatsidwa bungwe loyendetsa zinthu zake, ndipo caka cimeneco ndico ciwerengedwa ngati kubadwa kwa mzinda.

Masiku amenewo mphamvu yonse inali ng'ombe. Ngolo imodzi yaikulu inali kukokedwa ndi ng'ombe 16, ndipo zolimira nazo zinali kukokedwa ndi ng'ombe. Ngolo zobwera ndi cimanga ku sitima zinali kumasulidwa kufupi ndi njanji ndi zitsime, ndipo pa malo otere udzu wa zitsa sukhalitsa. Lusaka wakale anachuka ndi zinthu ziwiri: pfumbi m'cilimwe ndi matope m'dzinja.

Mapulazi anabweretsa zinthu zitatu zimene dziko lino silinazidziwe: waya wa mpanda, zitsime zakuya ndi dibi losambitsiramo ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Zonsezi nzothandiza, koma zinasintha mayendedwe a ziweto. Ng'ombe imene kale ikadatsata madzi kutali tsopano inakhala pamodzi-modzi caka conse. Mlimi wanzeru anagawa pulazi lake m'zigawo, nadyetsa cigawo cimodzi pamene zina zikupumula, ndipo ena anafesa udzu wa Rhodes. Wosasamala anaona bwalo lopanda udzu likukula mozungulira citsime ndi dibi caka ndi caka.

Malo Opatulidwa

M'caka ca 1924 kampani ya British South Africa inapereka ulamuliro wa Northern Rhodesia m'manja mwa Boma la Britain. M'zaka za 1928 ndi 1929 Boma linadula malire: dziko la m'mbali mwa njanji linasungidwira Azungu, ndipo eni dziko anapatsidwa malo opatulidwa, kumene ambiri anasamutsidwira pamodzi ndi ziweto zao. Asoli anakankhidwira cakum'mawa. Mapulazi ena a m'mbali mwa njanji anakhala zaka zambiri opanda wolimapo, tsekera nangobala mbeu ndi kupsa caka ndi caka, pamene kutsidya kwa malire anthu ndi ziweto anali kupanikizana.

Kumene zotsatira zake zinaoneka koposa ndi ku Fort Jameson, kumene tsopano timati Chipata, kwao kwa anthu ambiri amene anabweretsa Cinyanja mu Lusaka. Kumeneko kampani ya North Charterland inali ndi dziko lalikulu, ndipo Angoni ndi Acewa anaunjikidwa m'malo ocepa. Posakhalitsa mitengo inatha, mabusa anayera, madambo anang'ambika ndi zigwembe. M'caka ca 1941 Boma linatenga dziko la kampaniyo, ndipo linayamba kusamutsirako anthu. William Allan, wa m'cigawo ca zaulimi, anagwira nchito yoyesa kuculuka kwa anthu amene nthaka ya mtundu uli wonse ingathe kuwasunga osaonongeka, ndipo nzeru zake anazisonkhanitsa m'buku lake la 1965, The African Husbandman.

Masiku amenewo akulu a Boma ambiri anali kuimba mlandu eni ziweto, kuti amakonda kuculukitsa ng'ombe mopanda nzeru. Koma mbiri isonyeza kuti anthu omwewo anali ndi njira zopumitsira mabusa pamene dziko linali lotakasuka. Cimene cinathyola njirazo ndi malire. Ife alembi a m'maofesi tinaphunzitsidwa kuwerenga mitu ya ng'ombe ndi kuilemba m'mabuku, koma m'mabukumo munalibe mzere wolembapo ngati udzu unabala mbeu caka cimeneco kapena iai.

Mzinda Udya Busa

M'caka ca 1931 Boma linatsimikiza kusamutsa likulu kucoka ku Livingstone, ndipo Profesa Stanley Adshead wa ku London anajambula maonekedwe a mzinda watsopano, wa miseu yotakata ndi mitengo yambiri. Likulu linatsegulidwa mu 1935, pa nthawi ya Bwanamkubwa Sir Hubert Young. Maofesi ndi nyumba za Azungu zinamangidwa pa citunda ca Ridgeway, ndipo anchito aciAfrica anawamangira tinyumba tozungulira ku Kabwata.

Tinyumba ta ku Kabwata tinali tofolera ndi udzu, ndipo tinali mazana. Ali yense amene anafolerapo nyumba adziwa mitolo imene denga limodzi limadya, ndi kuti pakapita zaka zowerengeka lifuna udzu wina. Kumweta udzu wofolera sikuononga busa, cifukwa udzu umamwetedwa m'miyezi yozizira utauma, mbeu zitayoyoka kale, ndipo mayi akaukutumula ndi kuupesa pomwepo, mbeu zotsalira zimagwera pansi. Tinyumba tambiri tinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma toposa 40 tinasiyidwa, ndipo kuyambira 1974 tinakhala mudzi wa amisiri a zosema-sema wochedwa Kabwata Cultural Village. Madenga ake ndi mboni ya masiku amene mzinda unali kugona pansi pa tsekera.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mzinda unakula msanga. Kunamangidwa Chilenje ndi Matero, kunadulidwa mapuloti ku Woodlands ndi Kabulonga, ndipo pambuyo pake Chelstone anakula m'mbali mwa mseu wa Great East. Malo ambiri amene lero ali makomboni anali mapulazi, ndipo maina monga George, John Howard ndi John Laing asunga cikumbutso ca Azungu amene anali eni malowo kapena olemba anthu nchito. Lusaka analandira ulemu wa mzinda waukulu mu 1960, nakhala likulu la Zambia wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964. Mu 1970 malire ake anafutukulidwa kucoka pa masikweya kilomita 93 kufika pa 360, nameza mapulazi ozungulira. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka.

Mzinda umaononga nkhokwe ya mbeu koposa ng'ombe, pakuti ng'ombe imadya ngala koma mzinda umanyamula nthaka yeniyeniyo. Okumba miyala, oumba njerwa ndi okumba mcenga amayamba ndi kupala dothi la pamwamba. Ngakhale tsache la pabwalo limacita comweco pang'ono-pang'ono: bwalo losesedwa m'mawa uli wonse silimera kanthu ngakhale mvula igwe yotani. Koma mzinda womwewo utiphunzitsa za nkhokweyi. Munthu wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands akagula lole ya dothi lakuda la ku dambo kuti abzalepo maluwa, pasanathe milungu iwiri akuthirira amaona zomera zimene sanabzale. Zinabwera m'dothimo ziri mtulo. Ndipo kapinga wa pabwalo pake sanafesedwe, koma anaokedwa ndi mizu yake. Kapinga amayanga pansi, safuna mbeu kuti afalikire, ncifukwa cake ndiye amatsala pa malo opondedwa-pondedwa pamene tsekera anatha kale.

Zimene Ofufuza Anapeza

Kufufuza za udzu ndi mitengo ya dziko lino kunayamba kale. C. G. Trapnell ndi J. N. Clothier anayenda maulendo atali akuyang'ana nthaka, zomera ndi kalimidwe ka anthu, ndipo lipoti lao la cigawo ca kumpoto cakumadzulo kwa Rhodesia linasindikizidwa mu 1937. Ku Ndola, kuyambira 1933, a zankhalango anapatula minda yoyesera moto: ina anali kuitentha msanga udzu usanaumitse, ina mocedwa m'cilimwe, ina osaitentha konse. Trapnell analemba zotsatira zake mu 1959, nasonyeza kuti moto wocedwa, wa mu Okutobala, umapha mitengo ya miombo, pamene moto wofulumira suononga kweni-kweni. M'caka ca 1950 kunakhazikitsidwa lamulo losamalira zacilengedwe, ndipo m'zaka zomwezo kunatsegulidwa malo ofufuzira zaulimi a Mount Makulu ku Chilanga. Pambuyo pake Profesa Emmanuel Chidumayo wa pa University of Zambia anayesa mitengo ndi udzu kwa zaka zambiri, ku Makeni ndi kwina, nasonyeza kuti nkhalango ya miombo ikadulidwa imabwerera maka-maka kucokera ku zitsa ndi mizu. Apanso tiona kuti cimene catsala camoyo pansi ndico cimalamula zimene zidzaoneka pamwamba.

Za mbeu za udzu zeni-zeni, umboni womveka unacokera ku maiko ena a mu Africa. Ku South Africa, T. G. O'Connor ndi G. A. Pickett anafalitsa mu 1992 zimene anapeza m'mabusa ouma a kumeneko. Anaona kuti kudyetsa kopitirira kumacepetsa mbeu za udzu wokoma wa zitsa, monga uja wofiirira umene ophunzira amauchula Themeda, umenenso umapezeka kuno, ndi kuti mbeu zake sizikhalitsa m'nthaka, kotero kuti udzuwo ungathe kutheratu pa malo. Ku Ethiopia, Tessema Zewdu ndi anzake anatapa dothi ku Awash ndi ku Abernosa, pa malo odyedwa kwambiri ndi pa malo odyedwa pang'ono, nalithirira kuti aone zomera. Zimene anafalitsa mu 2012 zinasonyeza kuti dothi la pa malo odyedwa kwambiri linali losauka pa mbeu za udzu wa zitsa, ndi kuti malo otere sangayembekezeke kubwerera mwakale podalira mbeu za m'nthaka zokha.

Woweta ali yense angathe kudziyesera yekha. Atape dothi la pamwamba pafupi ndi dibi kapena pomwera ng'ombe, aliike m'beseni lakutha. Atapenso lina pa malo amene ziweto sizifikapo, monga kumanda kapena m'mbali mwa njanji, aliike m'beseni lina. Athirire onse awiri mofanana kwa mwezi umodzi, ndipo awerenge zomera. Mabeseniwo adzamuuza za busa lake zimene maso sakadaona.

Cilala ndi Masiku Akudza

Cilala ndico cimaulula nkhokwe yopanda kanthu. Dziko lino linaona cilala coopsa mu 1992, ndiponso m'dzinja la 2023 mpaka 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti dziko liri pa tsoka, cimanga ca pa mahekitala ngati 1 miliyoni citaonongeka. M'caka cotere zitsa zofooka zimafa. Mvula ikabweranso, busa limene linali kuloledwa kubala mbeu limadzuka, pakuti ana a udzu ali m'nthaka. Busa limene linadyedwa mosalekeza limabiriwira ndithu, koma kubiriwira kwa zitsamba zacabe, ndipo pofika Julayi ng'ombe ziri kale ndi njala. Mwini wake amadandaula za mvula, cikhalireco mlandu unapalamulidwa zaka zitatu kapena zinai m'mbuyomo.

Ng'ombe zinacoka pakati pa mzinda, koma nkhani yake sinathe. Nyama, mkaka ndi udzu wofolera zimene Lusaka amafuna zimacokera ku Chongwe, Chisamba, Kafue, Shibuyunji ndi Mumbwa, ndipo kumeneko mabusa akucepa pamene minda ndi mapuloti zikuculuka. Cakumwera kwa kum'mawa kwa mzinda, kupyola Woodlands, kuli Lusaka National Park, ya mahekitala 6,715, imene inatsegulidwa mu 2015 pa malo amene kale anali nkhalango yosungidwa ndi Boma. M'menemo anaikamo mbidzi, nyumbu, nchefu ndi nyama zina, monga zinaliri m'masiku a Lusaaka. Koma nyama za mkati mwa mpanda sizingacoke monga zinali kucitira zakale zija, motero lamulo la ngala liri pa izo monga liri pa ng'ombe za m'mudzi.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa zinthu zinai. Coyamba, busa ligawidwe m'zigawo, ndipo caka ciri conse cigawo cimodzi cisadyedwe kuyambira Febuluwale kufikira mbeu zitayoyoka. Caka camawa cipumule cina. Kumene kulibe waya, mau a mfumu ndi a nyakwawa ndiwo mpanda. Caciwiri, cilala cikatha tisafulumire kubwezera ziweto zonse pa msipu woyamba, cifukwa timbande ta udzu timazuka ndi mizu yomwe ng'ombe ikatikoka. Cacitatu, moto usayatsidwe mbeu zisanagwe, ndiponso usacedwe kufikira dziko litauma kotheratu. Osaka mbewa akumbukire ici. Cacinai, pamene udzu wabwino unatheratu, kupumitsa kokha sikukwanira. Pafunika kumweta ngala zokhwima kumene udzu ukalipo, kuzimwaza pa dothi lotemedwa pang'ono ndi khasu, ndi kuphimbapo nthambi za minga kuti mbuzi zisafike.

Akulu anati madzi akatayika saoleka. Pa mabusa ambiri ozungulira Lusaka madziwo sanatayike onse: m'madambo, m'manda a makolo, m'mbali mwa njanji ndi m'ngodya za mapulazi tsekera akali kubala mbeu. Makolo athu sanali kudya mapira a mbeu ngakhale njala itakula cotani, koma anali kuwapacika pa tsindwi pamwamba pa moto kuyembekeza mvula. Ng'ombe siidziwa mwambo umenewu. Mbusa ndiye ayenera kuusunga m'malo mwake.